Njanji zitatu zimene ndinaphatikiza

Lolemba, 9 Juni 2025

Tulo sindinatione. Si udzudzu ayi. Nkhani ya Ba Chilufya.

Anabwera ku galale kwathu, nyumba yoonetsera zojambula ku Kabwata, Lachisanu, wapansi kuchokera ku Chilenje, penti adakali m'zikhadabo. Sukulu ya zojambula ya ku Joni ikufuna kuwatenga miyezi isanu ndi umodzi. Pa fomu analemba kuti zojambula zawo zinali m'chionetsero chathu cha Njanji. A ku Joni anakayang'ana m'nkhokwe ya pa intaneti, ija timalembamo zionetsero tonse a magalale ndi mamyuziyamu. Njanji ilimo, dzina lawo mulibe. Awapatsa mpaka pa 20.

"Ba Tryness, bakamba monga ndine waboza." Mawu okhawo. Sanakweze ngakhale liwu.

Ndine ndinachita. Mu Malichi ndinapeza Njanji zitatu m'nkhokwemo: ya kuno 2023, ya ku Ndola chaka chomwecho, ya kuno kachiwiri 2024. Mutu umodzimodzi. Ndinati pali wina walemba chinthu chimodzi katatu. Ndinaziphatikiza pa nambala imodzi, n'kusunga mndandanda wa ojambula wa kuno poti ndiwo unali wautali. Ba Chilufya anaonetsa ku Ndola kokha.

Tsiku lija ndinadzitamanso mumtima kuti ndayeretsa. Ambuye.

Lachiwiri, 10 Juni

Abwana, Ba Kalenga, alemba kalata ya chidindo yoikira umboni Ba Chilufya. A ku Joni ayankha masana omwewo: kalata aliyense angasindikize, akufuna kabuku ka chionetsero kapena dzina m'nkhokwe. Ku Ndola kabuku sitinasindikize.

Kenako Ba Kalenga aimbira Clive, amene amalemba za ku Ndola. Foni pa tebulo, tonse tikumva. "Imwe ba ku Ndola simuziba kompyuta, mwatichititsa nsoni." Clive wangoti pepani, ndiona.

Ine ndinali pomwepo, kudula timapepala ta mayina. Ndadula kamodzi kawiri.

Kolona ya madzulo ndalekera pakati.

Lachinayi, 12 Juni

Msonkhano wa pa kompyuta, magalale asanu, maola awiri. Nkhani yomwe ija yosatha: chionetsero choyenda tizichilemba bwanji? Ena ati tsamba limodzi, matauni onse m'menemo. Clive wati ayi, pakhale tsamba la mayi, ndiye tauni iliyonse ndi chaka chilichonse mwana wake, nambala yake, masiku ake, anthu ake. Sanagwirizane. Akumananso mu Julayi.

M'minibasi yopita ku Chelstone ndi momwe ndamvetsa. Misa ndi imodzi, inde. Koma ya Lamulungu lapita inali ndi wansembe wake ndi owerenga ake. Ukati zonse ndi chimodzi, amene anawerenga tsiku limodzi lokha wafafanizika. Chinthu chapafupi chonchi, ine wa m'kwaya zaka khumi ndi ziwiri!

Ndayesa kubweza. Zakanika. Anthu ena alembapo kale pamwamba pa zanga, tsopano wolekanitsa ndi woyang'anira nkhokwe yekha. Ndipo popempha uyenera kunena amene anaphatikiza.

Pomaliza msonkhano Clive anati, "Ba Tryness, mukapeza mpata muyang'aneko mbiri ya tsamba lija." Mofatsa. Mbiriyo imasunga dzina la aliyense wokhudzapo. Akudziwa. Wakhala akudziwa kuyambira Lachiwiri, n'kulandira zonyoza zija.

Loweruka, 14 Juni

Kulapa. Ndinayamba ndi manambala ndi masamba, kuzungulirazungulira. Abambo mfumu anandidula: "Mwana wanga, za makompyuta sindizimva. Pali munthu akutchedwa wabodza chifukwa cha iwe?"

Ndinati alipo. Ndipo wina akutchedwa mbuli.

"Ndiye wagwadiranji kuno? Si ine wolakwiridwa."

Chikhululukiro anandipatsa. Mtendere ayi. Pobwerera ndadutsa pa Kabulonga kukatenga chimango choikamo chojambula cha ku galale, ndaona chojambula cha Ba Chilufya m'sitolo ina, azimayi ogulitsa nthochi pa sitesheni ya Kapiri. Sindinathe kuchiyang'ana nthawi yaitali.

Lolemba, 16 Juni

Ndawauza zonse Ba Kalenga hafu eyiti, ndisanaike chikwama pansi. Avula magalasi, awapukuta, awavalanso. "Sabata yonse munali apa, muniona nikalipila mwana wa bene." Amanena za Clive. Ndati inde. Ati ndisakhudzenso nkhokwe ndikatha kukonza ichi, za ntchito yanga tikamba mwezi ukatha. Clive amuimbira okha, chitseko chotseka.

Ba Chilufya ndawaimbira ine. Ndinakonzeka kutukwanidwa. Iwo angofunsa, "Manje mukonza liti?"

Sindinawayankhe zoona. Ndinati msanga. Tchimo lina.

Clive watumiza chithunzi cha positala yolengeza chionetsero cha ku Ndola, anaisunga kuseri kwa kabati. Dzina la Ba Chilufya lachinayi kuchokera pansi, lang'ambika pang'ono koma likuwerengeka. Ndachiika pa pempho.

Woyang'anira sindimudziwa. Ndi wongodzipereka, kaya ali dziko liti, kaya amatsegula kompyuta masiku ati. Pamzere pali mapempho makumi anayi, lakale kwambiri la mu Epulo.

Ndalemba m'Chingerezi changa cha Giredi 12, ndafufuta katatu. Zatsala izi: Ndinaphatikiza ndine, Tryness Salifyanji. Si chinthu chimodzi, ndi zitatu. Pali munthu ataya malo a sukulu Lachisanu lino chifukwa cha dzanja langa. Ngati simungathe, ndiuzeni amene angathe. Chonde, ndiyankheni Lachinayi lisanathe.