Ndinanama pamaso pa dokotala

Wokondedwa mphwanga Limbikani,

Ndikhulupilila kuti uli bwino pamodzi ndi maphunzilo ako a udokotala ku Ndola. Kuno ku Kaumbwe amai ako ndi ana onse ali bwino. Wodwala ndine.

Pa Khilisimasi paja, utaona magazi pa kansalu kamene ndinatsokomolelapo, unati, "Amalume, mwaonda, ndipo fodya mwakoka zaka zambili. Pitani akakujambuleni pachifuwa." Ine ndinakukalipila pamaso pa alendo kuti mabuku akuzunguza mutu. Unangozolika.

Mwezi watha ndinayamba kubanika ndikamalima. Ku chipatala ku Petauke anapima makhololo koma TB sanaipeze, ndipo ananditumiza ku Lusaka. Kumeneko anachotsa kamnofu m'chifuwa nakapima. Sabata yatha dokotala anauza ine ndi mkazi wanga kuti ndi kansa ya m'mapapo, ndipo yakula. Kenaka anafunsa kuti, "Bambo, kulibe amene anakulangizani kubwela msanga?"

Ndinayankha kuti, "Kulibe."

Mkazi wanga anangondiyang'ana. M'basi pobwelela, titafika pa Nyimba, anati, "Mwana uja mumulembele."

Pa foni mau akanandikanika, ndiye ndalemba. Undikhululukile, mwana wa mlongo wanga. Unanena zoona, ine ndinakunyoza.

M'kalata muno ndaikamo pepala la kuchipatala. Uliwelenge, undiuze zonse osandinyengelela. Amai ako sindinawauze, ndikusowa poyambila. Ukatsekela sukulu ubwele, tikawauze tili awili.

Mulungu akusunge, akupatse odwala omvela kuposa ine.

Ndine malume ako,
Yotamu