Kumbuyo kwa Timba

Amayi, kodi mwadzuka bwanji uko munapitako?

Kuno tilipo. Papita miyezi isanu ndi itatu chichokereni inu, koma atate amatulutsabe kampando kanu pakhonde m'mawa uliwonse. Chimanga chinachita bwino m'munda wa kudambo, koma mtedza unatha ndi chiswe. Sopo akusowabe. Mpongozi wanu anakaima pamzere ku Chongwe kuyambira m'mawa mpaka masana, n'kubwerako ndi machesi okha. Mlongo wanga Velonika ali ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Akalira amamveka mpaka kuseri kwa tchalitchi, tsono musadandaule, mawu anu sanatayike.

Chandilembetsa kalatayi ndi chithunzi chanu. Tsiku lomwe khandalo linatuluka m'chikuta, atate anandiitanira pambali. "Lazalo, uli na kamera zaka zitatu. Nipase chithunzi cha amako, mwana uyu akakula akaone mwini dzina." Ndinakhuthula katoni yonse ya zithunzi zanga pamphasa: mpheta, apumbwa, atimba, ngakhale khwangwala wakuba uja analimo. Inu munalibemo.

Mukuikumbukira kamera imeneyi, imene anandisiyira wansembe wathu wakale pobwerera kwawo, ya lenzi yaitali ngati munsi. Munkaitcha mfuti ya alesi. Anyamata a chipani nawonso anaiyesa mfuti tsiku lina pafupi ndi mlatho, ndipo ndinapulumukira khadi la chipani ndi chithunzi cha pumbwa chomwe chinali m'thumba la malaya. Kuyambira apo ndinkangojambulira pakhomo.

Wansembeyo anandiphunzitsa bwino, zimenezo sindikana. Kambalame sikakhazikika, ndiye kachitseko ka m'kamera kaziphethira msanga, pa nambala 500, apo ayi mutu wake umatuluka ngati utsi. Koma kakaphethira msanga choncho kuwala kumalowa kochepa, tsono kabowo ka lenzi uzikatsegula kwambiri, pa 5.6, filimu ikhale ya 400, ndipo uzijambula dzuwa litangotuluka, lili kumsana kwako. Lenzi yaitali imanjenjemera ngakhale ndi kupuma kwako komwe, n'chifukwa chake ndinkakuberani kathumba ka gaga n'kuitsamiritsapo pawindo. Chachikulu, iwo ankatero, ndi diso. Diso la mbalame likaoneka bwino, zina zonse zilibe kanthu. Ine ndinaziloweza ngati katekisimu.

Munandipempha kangati, amayi? "Nijambuleko na ine, lelo nasamba." Ine ayi, filimu ikusowa, dzuwa lakwera kwambiri, dikirani Khirisimasi mudzamange duku watsopano. Munkangoseka n'kunena kuti, "Nionetsetse anathetsa nkhosa, mwana wanga." Ndinkaganiza kuti zouluka ndi mbalame zokha, inu mudzakhalapo nthawi zonse ngati mtondo wa pakhomo. Khirisimasi inafika inu tinakuikani kale. Zimandiwawa, ndipo palibe amene ndingamuloze chala.

Sabata yatha ndinapalasa njinga kupita ku Palabana, kwa mnzanga amene amapita ndi mkaka ku Lusaka, ndipo anandipatsa envulopu ya zithunzi. Filimu yake ndinamutuma nayo inu musanadwale, koma kotsukitsako kunalibe mankhwala miyezi yonseyi. Sindinapirire mpaka kunyumba, ndinatsegulira m'mbali mwa msewu. Chachisanu chinali cha timba ali panthambi ya gwafa wathu. Chiyambire sindinajambulepo chokongola chotero. Nthenga iliyonse ikuoneka payokha, m'diso muli kadontho ka dzuwa. Kumbuyo kwake kuli chinthu ngati chifunga, chachikasu ndi chobiriwira, chachitali ngati munthu.

Ndi mitundu ya chitenje chanu chosesera chija. Ndinakumbukira m'mawa umenewo. Timbayo ndinamudikira mpaka khosi kuuma, ndipo atangotera, inu tulukiru ndi tsache. Ndinakunong'onezani mwaukali kuti chokanipo, mundiwonongera chithunzi. Inu munati, "Nichoke pakhomo panga chifukwa cha timba? Jambula, na ine nilimo." Munaima nji. Koma kabowo kakatseguka choncho, lenzi imaona chinthu chimodzi chokha, za kumbuyo imazisungunula. Ndikanangopotoza mphete ya lenzi pang'ono, osafika ndi theka la chala lomwe, bwenzi nkhope yanu tili nayo lero. Ine ndinasankha timba.

Ndinapita nacho kwa atate mwamanyazi, n'kuwapatsa. Anapukuta magalasi awo ndi malaya, anachiyandikiza, anachitalikitsa, anatuluka nacho panja powala. Kenako anati, "Ni amako awa. Ona mwamene aikira dzanja m'chiuno. Anali kukalipira ndani?" Ndinati ine. Anaseka mpaka misozi, koma kuseka kutatha misoziyo sinaleke. Tsopano chili pakhoma, pansi pa mtanda. Alendo akabwera amayamikira mbalameyo, ndipo atate amangowasiya.

Ine ndimachiyang'ana tsiku lililonse, mwina nkhope ingatulukire m'chifungamo. Siituluka. Ndakusowani, amayi. Ndasowa kukalipa kwanu, ndasowa kumva tsache lanu likuyandikira pamene ine ndikufuna bata. Masiku ano bata lilipo lambiri, atimba amatera mpaka pakhonde, koma kamera ndimangoisiya m'katoni.

Yanditsalira filimu imodzi, ndipo mbalame sizilawako. Lamlungu tikatuluka Misa ndidzachotsa lenzi yaitali, ndidzaimika atate, Velonika ndi kamwana ka dzina lanu pansi pa gwafa, kaya dzuwa lidzakhala lotani. Kabowo ndidzakachepetsa mpaka pa 11 kuti ngakhale woima kumbuyo aoneke. Ili ndi lonjezo langa. Mukadzakhala mukudutsa, imani pomwepo, dzanja m'chiuno. Sindidzakuchotsaninso.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lazalo