Dzina Losokedwa ndi Ulusi Wofiira

Lolemba, 9 Juni

Atsikana amene ndinawalemba m'kaundula wa sukulu pa zaka 31: 3,870
Mayina osiyanasiyana: 512
Kuchotsa opezeka koposa kasanu, 301: atsala 211
Kuchotsa amene ndimawamvabe akuitanidwa mumsewu muno, 96: atsala 115
Kuchotsa amene anthu a kumeneko angalume nawo lilime, 58: atsala 57
Kuchotsa odandaula ndi onyoza adani, 40: atsala 17
Kuchotsa amene eni ake ndikuwakumbukira bwino lomwe, 14: atsala 3

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, iwe, bambo a mwana ndi mlendo wathuyo. Bala la opaleshoni likuuma? Ukugona maola angati? Usandiyankhe kuti pang'ono, undiuze nambala. Kuno tilipo. Bondo langa lakumanzere limayamba kudandaula masitepe akapitirira 12, ndipo amayi ako aakulu maso akuwachepera, koma pakamwa pali bwinobwino.

Unandipempha kuti ndikupezere dzina lachiwiri la mwana, lakale ndi losowa, loti likhale pambali pa Elube. Ntchitoyo ndagwira, ndi imene ili pamwambayo. Ndinatulutsa makope anga asanu ndi limodzi aja unkandiseka nawo, n'kukhala nawo pa tebulo masiku asanu ndi anayi. Atatu otsalawo ndi Falesi, Lufina ndi Edesi. Onse ndi abwino, ndipo Falesi anali ndi zilembo zokongola. Koma usathamangire kulemba pa fomu. Unati a kaundula a kumeneko amadikira masiku 42. Mwana lero ali ndi 19, kalata iyenda 10, ukhala ndi 13 oganizira. Akukwana.

Tsiku unaimba foni lija, ndinaikweza mawu chifukwa cha khutu langali. Amayi ako aakulu anali pakhonde, pa makina awo osokera, mapazi asanu ndi atatu kuchokera pa mpando wanga, zenera lili lotsegula. Unati mwana adzakhala Elube chifukwa ndi dzina langa, dzina la mkazi wophunzira. Kenako unati lachiwirilo likhale lililonse, koma chonde osati Zelifa, chifukwa amayi aakulu umawakonda ndithu, koma sukufuna mwana wako adzakalambire pakhonde akusokerera zigamba za anthu. Unaseka. Makina anaima, ndipo anakhala chiimire masiku asanu ndi limodzi. Anthu anabwera ndi mathalauza awo, n'kubwerera nawo.

Sindikukudzudzula. Unayankhula malinga ndi zimene ukudziwa, ndipo zimene ukudziwazo ndinakupatsa ndine, zoperewera. Pa foni ndayesa katatu kukuuza, koma iwe umayankhula mothamanga, mwana akulira, batire ikutha. Nkhani iyi ikufuna pepala.

Chaka chimene amayi athu anamwalira, ine ndi akulu angawa tinalemba limodzi mayeso otsiriza a ku pulayimale. Iwo anali ndi zaka 17, ine 15. Tinali kalasi imodzi chifukwa iwo anataya zaka ziwiri akudwazika amayi. Tinalemba ana 64, ndipo kusekondale ankatenga asanu ndi anayi okha. Mmodzi wa ife anakhala nambala wani, winayo nambala 23. Wa nambala wani uja dzina lake linali Elube, wa zaka 17. Wa nambala 23 anali Zelifa, wa zaka 15. Werenganso, sindinalakwitse.

Kalata yowaitana ku sukulu yogonera komweko itafika, akulu anga anagula ulusi wofiira n'kusokerera dzina lawo pa zovala zisanu ndi chimodzi: mabulauzi awiri, masiketi awiri, juzi ndi thaulo. Patatsala masiku anayi, agogo ako aamuna anatiitanira m'shedi mwawo mopalira matabwa. Sanasiye kupala. Anati wamkulu sangachoke, pakuti panyumba pali tianyamata titatu, wotsiriza wa zaka ziwiri, ndipo ine sindidziwa n'kuwiritsa madzi komwe. Anati komanso malo amenewa sangatayike, chifukwa mwayi sufika kawiri pakhomo la kalipentala. Masiku amenewo pa mapepala panalibe zithunzi. Ahedi a ku pulayimale atauzidwa, anayang'ana pa zenera n'kunena kuti iwo amadziwa mayina, nkhope za ana zimawasokoneza.

Akulu anga anatenga masiketi aja n'kuwapinda m'munsi zala ziwiri kuti andikwane. Dzina sanalimasule.

Tsono imva bwino apa, chifukwa ndi pamene pali mlandu wanga. Sindinalire, sindinakane, ndipo sindinawayang'ane kumaso. Ndinakondwa. Ndinanyamula sutikesi mtima ukuvina. Sabata loyamba ndinalandira chilango kawiri chifukwa aphunzitsi ankaitana Elube ine n'kumayang'ana kumbuyo. Pambuyo pake sindinaphonyenso. Ndinayankha kuti ndilipo m'mawa 760. Satifiketi inatuluka ndi dzinalo, kalata ya ntchito ya ukalaliki ndi dzinalo, mtchatho wa ine ndi malemu bambo ako ndi dzinalo. Bambo akowo anapita osadziwa kuti anakwatira ndani.

Chaka chomwecho banja linasamukira kumene agogo ako anapeza ntchito ina, ndipo kumeneko palibe amene ankatidziwa. Amalume ako anali aang'ono, ankangotiitana kuti aakulu ndi aang'ono. Akulu anga atafuna chiphaso, panali dzina limodzi lopanda mwini, ndiye anatenga limenelo pamodzi ndi chaka changa chobadwa. Amati chimene anapindula pa malonda onsewa n'chakuti boma linawachotsera zaka ziwiri. Ine linandiwonjezera, n'chifukwa chake ndinapuma pa ntchito ndikadali ndi mphamvu, iwe n'kumati andichitira nkhanza. Sanalakwe. Anawerenga zimene ndinawapatsa.

Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi la makina kukhala chete, ndinanyamula mpando wanga kupita nawo pakhonde. Ndinawauza kuti ndikulembera zonse, ndiponso kuti ndakonzeka kupita ku ofesi kukalumbira kuti ndiwabwezere dzina lawo. Anaseka mpaka kutsokomola. Anandifunsa ngati ndikufuna kuti tikamangidwe tonse awiri pa ukalamba uno, ndipo ngati ndi choncho, ndani azikanyamulira mnzake ndowa, wa bondo kapena wa maso.

Anati Elube ndikhale naye ndekha, ndamuthera kale ndi zidindo, akununkha inki. Dzina la Zelifa anati sandibwezera ngakhale nditagwada. Akuti analandira dzinalo lili la kamtsikana kaulesi, kolira pa ntchito yotsuka mbale, ndipo alichapa, alisita, alilerera ana asanu ndi atatu, atatu a amayi athu, awiri awo, atatu anga, alisokera mayunifolomu a theka la ana a mumsewu muno. Anati ndipite pamsika ndikafunse Elube, akandifunsa kuti ndi mankhwala a chiyani, koma ndikafunse Zelifa, ndiona ngati wogulitsa makala sandiperekeza mpaka pakhomo. Ndinapita. Ndinafunsa anthu khumi. Elube anamudziwa mmodzi, ndipo ameneyo ndi wa ku positi. Zelifa anamudziwa asanu ndi anayi. Ine onse amandidziwa kuti Akalaliki, ang'ono awo a Atelala.

Za sukuluyo anati analira chaka chimodzi n'kumaliza, chifukwa misozi siphika ndiwo. Chimene chawabaya tsopano n'chakuti mawu aja atuluka pakamwa pa mwana amene anamubereka kumsana zaka zitatu akuponda makina, amake ali mu ofesi kulemba mayina a ana a eni. Mwana ameneyo ndiwe. Akuti unkagona bwino makina akamalira, akaima n'kudzuka.

Ndinawapempha kuti andikhululukire, koyamba pa zaka 59. Anandiuza kuti ndisunthe mpando chifukwa ndikuwatchingira kuwala. Iwe sindikupempha chikhululukiro, mlanduwu si wako. Ndikupempha dzina.

Ine ndinaganiza zoti mwana akhale Elube Zelifa. Iwo anakana. Anati Zelifa wakhala kumbuyo mokwanira, ulendo uno akhale patsogolo, ndipo Elube aone mmene kumbuyo kumakhalira. Ndinaima pa khomo la kukhitchini n'kuitana mayinawo mokweza ngati mwana wachedwa kubwera kudzadya, ka 20 mbali iyi, ka 20 mbali inayo, mpaka mayi wa nyumba yoyandikana nafe anasuzumira pa mpanda kufunsa ngati tataya mphaka. Zelifa Elube akumveka bwino. Akufika kutali, ndipo salemera pa lilime.

Unafuna dzina losowa, ndiye ndinabwerera m'makope muja. Mwa atsikana 3,870, Elube alimo kawiri. Zelifa mulibe ngakhale kamodzi. N'chifukwa chake sakupezeka m'mndandanda uli pamwambawo. Sindikanamuchotsa, chifukwa sanalowe n'komwe pa geti la sukuluyo. Losowa kuposa limeneli sulipeza, ndipo ukudziwa kuti ine sindiponya nambala mwachisawawa.

Za mantha ako aja, kuti dzina lingamukokere mwana pakhonde, taona wekha. Wa nambala wani ndi amene anakalambira pa makina, wa nambala 23 ndi amene anakhala mu ofesi. Dzina silinasankhe kanthu. Anasankha ndi munthu wamkulu amene anali ndi ana asanu, mkazi m'manda, ndi malo amodzi. Mwana wako ali ndi iwe, ndipo iwe sudzafunika kusankha chotero.

Bambo a mwana uwawerengere kalata yonse, osadumpha ndime. Ndi munthu woganiza, ndinawaona mmene amapindira nyuzipepala. Mukagwirizana, usaimbire ine. Uimbire amayi ako aakulu, Lamulungu ikakwana 2 koloko masana, atadya, chifukwa ndi njala samva za munthu. Usachulutse kupepesa, adula foni. Ungowauza kuti mwana dzina lake ndani, n'kusiya kuti akunyoze pang'ono. Akakutchula kuti kamutu kouma, udziwe kuti zatha bwino. Azichimwene ako ndiwauza ndekha, mmodzimmodzi, iwe ukayankha.

Ndikudziwa chimene uchite. Unaleredwa ndi Elube ndi Zelifa, ndipo aliyense mwa ife ndi onse awiri.

Undiperekere moni kwa bambo a mwana, ndi kwa anansi ako aja amakuthandiza kutsitsa ngolo ya mwana pa masitepe. Mdzukulu wanga umupsompsone pa chipumi kawiri, kamodzi ka ine, kamodzi ka iwo. Mulungu akusungeni nonse atatu, ndipo akupatse tulo tokwana maola asanu ndi limodzi.

Kuwonkhetsa:
Zaka zimene ndayenda ndi dzina la eni: 59
Amene ankadziwa: 4
Kuchotsa omwalira, 2: atsala 2
Kuwonjezera iwe ndi bambo a mwana: 4
Mayina oti mulembe pa fomu: 2, loyamba Zelifa

Dzina sindisaina, poti lina n'lobwereka, lina andikaniza.

Ndine,
Mayi ako