Mapu a Phanga Lachiwiri

Loweruka, 7 Juni 1997

Chiperoni kuyambira m'mawa, Zingwangwa yonse mbuu. Pa mashini ntchito ziwiri zokha: zipi ya thalauza ndi mpendero wa siketi.

Anzathu a Wahabu abwerako ku Joni ndi thiraki yawo. Atitengera kaseti ya gemu, yotsatira ya ija tinamaliza pa Isitala. Dzina lake sitilidziwa, zonse n'Chijapani. Yoyamba tinaitcha Phanga, ndiye iyi Phanga Lachiwiri, basi. Amuna anga a Hawkins mano onse panja. Ine ndasongola mapensulo awiri, ndang'amba thumba la simenti, ndalisita bwinobwino. Tiyamba mawa tikachoka kutchalitchi.

Lamulungu, 8 Juni

Ndakwiya, ndipo ndilemba.

Phanga loyamba ntchito inali yogawana. Iwo padi ya mabatani m'manja, kuyendetsa kamunthu ka lupanga kaja tinakatcha Chimwene. Ine pensulo, kujambula njira pa pepala lomwe ndimadulira mapatani. Mumdima muja popanda ine ankangozungulira pamodzimodzi. Tikafuna kuzima, TV inkaonetsa tizilembo makumi awiri toti tidzayambire pomwepo. Wokopera ine. Ndinatipatsa mayina: kambedza, kampando, kankhuku kogwada. Miyezi isanu ndi iwiri, osalakwitsa n'kamodzi komwe.

Lero ndakhala pamalo panga, pepala pamwendo. Iwo adina batani limodzi, mapu atulukira pa TV, ojambulidwa kale. Tizilembo kulibenso, kasetiyi imakumbukira yokha pomwe walekezera.

"Waona Jesi? Iyi ndiye yanzeru. Upumeko tsopano."

Ndani anawauza kuti ndatopa?

Lamulungu, 15 Juni

Chilungamo, yatsopanoyi ndi yokongola. Mitengo, mathithi, mpaka mvula. Chimwene tsopano amadumpha, amaponya moto. Koma nkhanza zake! Loyamba chilombo chinkakumenya kasanu ndi kawiri usanafe, ili katatu wagona. Chishango chimasweka. Ukamwa madzi pachitsime kuti uchire, zilombo zonse unapha zija zimadzukanso. Nyimbo yake ndiye ayi, sikufika pa yakale ija ndinkaiimba posoka.

Abwera a Hussain ndi a Ramsey, anzawo a kuntchito ku Makata. A Ramsey akhala mbali yanga ya sofa. Ine tiyi ndi mbatata, kulowa, kutuluka. Amuna atatu kukuwira TV imodzi, aliyense mphunzitsi. Ndili pakhomo ndaona ndithu kuti thabwa lachitatu pa mlatho limagwa. Agwerapo kanayi. Sindinanene. Amene ali ndi mapu anzeru afunse mapuwo.

Loweruka, 21 Juni

Anzawo aja abweranso. Ine ndapita kukasoka kuchipinda, chitseko chotseka.

Zaka zinayi m'banja, mwana palibe. Apongozi anga pa Khirisimasi: "Nyumba yanuyi ndiye yaukhondo bwanji, palibe woidetsa." Gemu isanabwere a Hawkins Loweruka ankakhala ku botolo sitolo mpaka dzuwa kupendeka, botolo limodzi lomwelo. Sikuti mowa. Ankathawa zii wa m'nyumba muno, ndipo ine sindinkawada nazo, nanenso ndinkamumva. Phanga ndi lomwe linatikhazika pa sofa imodzi. Tinkakangana za kumanzere ndi kumanja, n'kumaseka.

Ndikuopa kubwerera kuja. Ndalemba, ndi zimenezo.

Awoloka mlatho tsopano, koma akakamira pa chimayi cha zikwanje zinayi. Mumtima ndachitcha Apongozi.

Lolemba, 23 Juni

Mayo ine.

A Hawkins apita ku Lilongwe ndi a kuntchito, kukawerenga katundu, abwera Lachisanu. Masana ndati ndingoona chomwe chimawakuwitsa. Ndayatsa. Mizere iwiri ya Chijapani. Ndasankha wapamwamba. Yafunsa kenakake, ndavomera. Yafunsanso, ndavomeranso, ulemu.

Chimwene ali pachiyambi penipeni. Kabudula ndi kandodo. Lupanga lasiliva, chishango chabuluu, masabata awiri a amuna anga, zonse fufutu. Ndazima, ndayatsa, ndauzira kaseti, ndapemphera. Kabudula yemweyo.

Tizilembo tanga takale sitikanachita zimenezi. Tilipo mpaka lero m'kabati.

Lachiwiri, 24 Juni

Zoti ndiname kuti ndi magetsi ndaziganiza. Akhoza kukhulupirira. Koma ayi, ndiwabwezera pomwe anali, asadziwe n'komwe.

Ndafa ka 31. Ndikuchonga ndi choko pa mwendo wa tebulo. Chala chachikulu chatupa ngati ndasoka jinzi tsiku lonse.

Mayi Zeinabu abwera kudzayesa diresi la chinkhoswe cha mng'ono wawo. Manja ndisanalumikize. Ndati ulusi wa mtundu wake wasowa ku Limbe. Andiyang'ana, ayang'ana TV, Chimwene ataima pachitsime. "Ulusiwo muupeza momwemo?" Manyazi.

Lachinayi, 26 Juni

Diresi ndamaliza m'mawa, lakhala bwino. Kenako Phanga.

Ndatulukira chinthu. Mapu a pa TV aja ndi aulesi. Amaonetsa njira, koma sanena pomwe pansi pamagumuka, pomwe chilombo chimabisala kuseri kwa chitseko, khoma lomwe ndi labodza. Ndatenga thumba la simenti lija ndinasita. Choko chofiira pa misampha, chabuluu pa zitsime. Loyamba linkafuna kudziwa njira. Ili likufuna kukumbukira chomwe chinakupha. Mwina n'chifukwa chake amuna atatu likuwakanika.

Mlatho ndawoloka ulendo umodzi. Thabwa lachitatu ndalidumpha ndikuseka ndekha.

Lachisanu, 27 Juni

Apongozi ndawagwetsa! Akakweza zikwanje zakumanja, umalowa kumanzere, kubaya kawiri, kuthawa. Osachita dyera lobaya kachitatu. Ndakuwa mpaka a neba kugogoda, ati mwina ndapsa ndi simbi.

Chisangalalo chitatha ndiye ndazindikira. Ndapitirira pomwe iwo anali. Ndipo chishango chabuluu sindinachipeze, changa n'chathabwa. Wakhungu yekha ndi amene sangaone.

Afika madzulo, otopa, atanditengera nsalu yamaluwa achikasu. Ndayamika mopitirira muyeso. Gemu sanayatse.

Loweruka, 28 Juni

Ayatsa titangodya nkhomaliro. Ayang'ana chishango, ayang'ana malo achilendo, ayang'ana chala changa chomanga kansalu.

Ndaulula zonse, mwaliwiro, nditaimirira. Ndabweretsa pepala lija ngati umboni. Aliyala pansi, agwada, alilondola ndi chala nthawi yaitali.

"Chimayi chija wachipha iweyo?"

Ndati eya.

Ndimadikira ukali. M'malo mwake akuti, maso ali papepala: "Pa mlatho paja ndinkafuna kukuitana. Koma ndinali nditanena kale kuti upume, ndiye pamaso pa anzanga ndikanayambira pati?"

Ndalira pang'ono. Ndawauzanso kuti ndi opusa, mwaulemu.

Kenaka kugogoda, a Hussain ndi a Ramsey. A Hawkins atsegula windo lokha. "Lero malo adzaza, akuluakulu. Tionana Lolemba."

Andipatsa padi. Iwo atenga pensulo.

Mapu awo ndi oipa zedi. Mizere yokhota, chitsime chikuoneka ngati mbatata, kumanzere akulemba kumanja. Tafa kasanu ndi kamodzi chifukwa cha iwo, akukana, akuti woyendetsa ndiye wamantha. Takangana mpaka mawu kusasa. A neba agogodanso, ati muli alendo angati m'menemo?

Awiri okha, mayi.

Ndaba mphindi zisanu kuti ndilembe izi. Akuitana kale, ati pensulo yathyoka ndipo sakudziwa pomwe ndimasunga lezala