Timisiri ta Pansi pa Miyala

Amayi, kodi kumene muliko kukucha bwanji?

Kuno tilipo, koma motopa. Papita mvula ziwiri chikuikireni m'manda, ndipo ino ndiyo kalata yanga yoyamba. Mundikhululukire, mukudziwa ulesi wanga pa zolemba. Apongozi anu a Nabanda, akazi a achimwene a Yohane, ali ndi khanda, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Watenga mphuno yanu, komanso mawu anu aja mukakwiya. Chimanga chinapserera ndi ng'amba ya mu Febuluwale. Fodya yekha ndiye anachitako bwino, achimwene a Yohane anadzaza chigafa mpaka kudenga.

Ine ndidakali ku Lilongwe, pa ntchito ija munkaitcha yosuzumira nsabwe pagalasi. Ndi ntchito yomweyo yandilembetsa kalatayi.

Mukukumbukira tizilombo tija ta kukhwawa, kumunsi kwa dimba lanu, timene timadzimangira kanyumba ka mchenga n'kumakakoka pansi pa mwala? Inu munkatitcha timisiri. Munkati, "Aka kamanga nyumba kopanda manja, abambo ako manja awiri koma denga likudontha." Tikakula timatuluka m'madzi n'kumera mapiko aubweya, n'kumakhala m'mabango ngati kanjenjete.

Chaka chatha akatswiri ena analemba za mtundu wa timisiri umene unali usanadziwike, n'kujambula ziwalo zake zonse. Nditaona zojambulazo ndinafuna kudziwa ngati ta kwathu ndi tomweto. M'Malichi ndinapita kumudzi ndi kaneti, ndinasesa m'mabango m'mawa masiku atatu, ndinagwira tamphongo tisanu ndi kamodzi. Tamphongo ndi timene timafunika, chifukwa mitundu yake imafanana ngati mapasa, kusiyana kwake kumaoneka kumapeto kwa mimba ya kamphongo. Musaseke, amayi. Fodya yense uja munasoka kuti ndiphunzire, mapeto ake ndi amenewa, kuyang'ana kumbuyo kwa kachilombo.

Ndinatiika m'timabotolo ta sipiriti kuti tisaume. Kabotolo kamodzi ndinatenga, tinato ndinasiya pawindo m'nyumba mwanu, poopa kuti tingaswekere pamodzi pa msewu wa Santhe. Achimwene atatiwona anamva chisoni, ati zinthu za mlongo wawo zikuwolera m'madzi. Anakhuthula sipiriti, anatimanga ndi ulusi kamodzikamodzi, n'kutipachika m'chigafa pakati pa fodya. Nditabwera pa Pasaka ananditengera komweko monyadira. "Taona mmene zaumira," anatero, "giredi yoyamba imeneyi." Nditangokhudza tinanyenyeka m'zala. Sindinakalipe. Munthu amene wakula akudziwa kuti chonyowa chimawola, ungamukalipire chiyani? Ndinangothokoza, n'kukalirira kuseri kwa nkhokwe.

Kamodzi kotsalako ndinakhala nako masabata atatu pa maikulosikopu, mpaka maso kuwawa. Nthawi yonseyi ndinkakumvani mukuti kuona maso a nkhono n'kudekha, monga munkanenera ndikamathamangira kuthyola masamba osakhwima. Ndinawerenga timinga ta m'miyendo: tiwiri kutsogolo, tinayi pakati, tinayi kumbuyo. Mitsempha ya m'mapiko ikugawikana pomwe anajambula. Kumapeto kwa mimba kuli timphanda tiwiri topindikira m'kati ngati zikwakwa, pakati pake kadzino kakuda. Ndinayang'ana kambirimbiri, ndimati mwina maso akundinamiza chifukwa chofunitsitsa. Ndi mtundu womwewo, amayi. Chimene akatswiri angochidziwa kumene, inu munkachiona tsiku lililonse potsuka mbale.

Abwana anga anavomereza, koma anati kamodzi sikakwanira. Ndibweretse tina kuti zilembedwe kuti mtunduwu ulinso ku Kasungu, m'khwawa lathu lija.

Sabata yatha ndinapitanso kumudzi. Dimba lanu tsopano ndi nazale ya fodya, mabedi ake afika pamphepete penipeni pa madzi. Ndinagubuduza miyala kuyambira pa mtengo wa katope mpaka pa mlatho wa mitengo, dzuwa la mu Okutobala likundiwotcha m'khosi. Ndinapeza tinyumba tokhatokha, m'kati mopanda eni ake. Ndinadzitonthoza kuti mwina ndi chilimwe. Koma ndikukumbukira kuti m'nyengo yotentha yomweyi ndi mmene inu munkandionetsa tambirimbiri.

Ndikukwera kumtunda ndinawaona achimwene atagwada padziwe, akutsuka sipuleya yopopera mankhwala a fodya. Madzi otuluka mmenemo anali oyera ngati mkaka, akutsikira pa miyala. Anandibayibitsa akumwetulira, ine ndinabayibitsanso.

Sipuleya imeneyo ndinawagulira ndine, amayi. M'Ogasiti, nditaona mmene msana unkawavutira pothira mankhwala ndi kheni. Ndinawaphunzitsa kasungunulidwe, ndinawagulira ndi zovala kumanja zomwe, koma za kotsukira sindinanene kanthu. Iwo sanalakwe, sadziwa kuti mankhwalawo amapha timisiri. Wodziwa ndine, koma tsiku ndinawaona padziwe lija manyazi anandiletsa kuwauza. Ndinadya nawo, ndinanyamula khanda, ndinakwera basi.

Kamphongo kaja kali m'kabotolo patebulo panga pano. Dzina lake ndikulidziwa tsopano, koma sindikudziwa ngati katsala ndi m'bale kwathuko.

Loweruka ndibwerera. Ndikagwada pamaso pa achimwene n'kuwauza zonse, kuyambira pa kulakwa kwanga, ndipo ndikakumba ndekha dzenje lotsukira kumtunda, kutali ndi khwawa. Mvula ikagwa ndidzagubuduzanso miyala ija umodziumodzi. Chimene ndidzapeze ndidzakuuzani osabisa, ngakhale chitakhala chopanda kanthu.

Ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati