Buku Limene Linaitana Maliro

Lirangwe, 9 Okotobala 2012

Okondedwa alamu a Khalid,

Asalamu alaikumu. Muli bwanji ku Joniko? Kuno tilipo, mlongo wanu Safia ali bwino, Aziz wathu watuluka mano awiri.

Mabuku awiri a zisudzo munatumiza aja anafika sabata yatha, ndipo abweretsa nkhani! Chizungu chake ine sindichitha, amatimasulira ndi a Elsie, otsogolera gulu la zisudzo la Safia. Loweruka la sabata yamawa akachita sewero la malungo pamsika wa Mdeka, Safia ndiye mayi wofedwa mwana.

Mwa awiriwo, lofiira lija likuti ukafuna kulira, ganizira chako chenicheni chokupweteka mtima. Lobiriwira likuti ayi, mtima usiye, yamba ndi thupi: mapewa, mpweya, mayendedwe.

Safia anayamba ndi lofiira. Lachitatu masana anakhala pakhonde, n'kuganizira Aziz, n'kuyamba kubuma akutchula dzina lake. Alamu, mudzi wonse unakhamukira kwathu! Aneba athu, amayi a Chande, anafika akulira kale, anyamata anatenga makasu, wina anathamangira kwa a Shehe. Ine uthenga unandipeza pasiteji ya kabaza, njinga ndinaitaya pamsewu. Kufika, Aziz ali m'nyumba akunyambita nthochi.

Amayi anu sanaseke. Akuti amenewo ndi malodza, mayi salirira mwana wamoyo, ku Mdeka Safia asakapondeko. Inenso ndinati zoona, moti mpaka lero ndikungomugwiragwira mwanayu pamphumi.

Koma dzulo a Elsie anandikakamiza kukaona akuyeserera za lobiriwira. Safia anangomanga chitenje m'chiuno, kugwetsa mapewa, kukhwekhwereza mapazi. Dzina la mwana aliyense sanatchule. Ine misozi mbwee, Aziz ali pamiyendo panga! Pobwera ndinamufunsa Safia zimene amaganiza, akuti amangomvetsera mpweya wake basi. Mlongo wanu ndi katswiri, alamu, ine sindinkadziwa!

Ine ndaona chonchi: lofiira ndi njinga yopanda mabuleki, imathamanga koma sunganyamulirepo mwana. Lobiriwira limakufikitsa komweko uli wamoyo.

Tsono ine ndine mkamwini, kwa apongozi sindingatsegule pakamwa. Mwini mbumba ndinu. Kalatayi ikangofika, chonde aimbireni amayi. Muwauze kuti lofiira lili kwa a Elsie, m'nyumba muno silibweranso, ndipo dzina la Aziz silitchulidwa. Amayi akakanabe, malo a Safia a Elsie apatsa wina.

Musandichititse manyazi, alamu. Ndamulonjeza kale kuti ku Mdeka ndimunyamula ndekha, ndipo ndikakhala kutsogolo kwenikweni.

Allah akusungeni. Mundiperekere moni kwa a Maliyamu ndi ana.

Ndine mlamu wanu,
Ajibu