Masokosi Anga pa Windo Lakale

Lachiwiri, 14 Novembala 1995

Ndatopa, ndipo chimfine sichikundisiya. Windo lowola la kuchipinda kwanga lija silisinthidwanso. A landilodi analonjeza latsopano chisanu chisanafike, koma akuti msewu wathu ukalowa m'dera la nyumba zakale zotetezedwa kuno ku Rockville, ku Amereka, kuchotsa windo mpaka akomiti avomere. Mwina Malichi.

Msonkhano wake unali lero. Anti amene ndimakhala nawo anali ku shifiti kuntchito, ndiye anatuma ine. Maola awiri anthu akuyamikira matabwa ofumbwa! Ndinaimika dzanja: "Amene walikonda windo langa abwere adzagone nalo tsiku limodzi, bulangete ndimubwereka." Anaseka onse, mayi wina mpaka kupukuta misozi. Kenako anavota kuti msewu wathu ulowe basi.

Anti atamva anangoti, "Iwe Yamikani, sukulu unathawa, lero ukukaphunzitsa azungu? Kamate tepi pa windo uko."

Tepi yakana kugwira, thabwa likungoyoyoka. Ndatseka mipata ndi masokosi anga onse, mapeyala atatu. Ndiye kuti nawonso alowa m'mbiri ya Amereka, osawachotsa popanda chilolezo. Mphepo yachepako ndithu. Koma mawa pa basi sitopu, nsapato zokhazokha, kaya.